Thukuta la Usiku ndi Msambo Wodumphadumpha pa Zaka 47: Kodi N'kulodzedwa Kapena N'kukula?

Mayi wina wa zaka 47, wa ana asanu, yemwe amachita geni ya tomato ndi masamba pamsika, walemba motere: "Kwa chaka ndi theka tsopano msambo wanga wasokonekera. Nthawi zina umabwera kawiri pamwezi, nthawi zina ndimatha miyezi itatu osauona. Usiku ndimadzuka thukuta lili kamukamu ngakhale m'nyengo yozizira ya June, ndipo ndayezetsa malungo katatu koma sanapezeke. Ndimakwiya msanga, ndimaiwalaiwala, ndipo kukhala malo amodzi ndi bambo a kunyumba kwayamba kundiwawa. Azakhali anga akuti ndasiya kusamba, choncho ndisamagonenso ndi mwamuna chifukwa mimba idzatupa. Mnzanga wa kumsika akuti pali munthu amene wandichita chipongwe. Kodi chikundichitikira n'chiyani, nanga n'chifukwa chiyani palibe amene anandiuzapo kuti zoterezi zidzabwera?"

Mayi, ndiyambe ndi funso lanu lomaliza, chifukwa ndi limene lasunga mizu ya mafunso enawo. Mtsikana akatha msinkhu, anamkungwi amamukhazika pansi n'kumulanga za mmene azidzisamalirira akakhala kumwezi. Akatenga mimba yoyamba, amayi aakulu amabweranso ndi malangizo a chisamba, ndipo akamalowa m'banja azakhali ndi amayi a kutchalitchi amasinthana kuyankhula mpaka dzuwa kulowa. Koma msambo ukamapita kumapeto, palibe mkeka umene umayalidwa. Nachonso chipatala chathu chinakonzedwa moyang'ana mayi wobereka. Kuli khomo la sikelo ya oyembekezera, khomo la kulera ndi khomo la sikelo ya ana, pamene mayi wa msinkhu wanu amaima pamzere wa odwala wamba, n'kunena kuti thupi likutentha, ndipo chimene amalandira ndi kubayidwa chala kuti ayezedwe malungo. Ngakhale kafukufuku wamkulu wa zaumoyo m'dziko muno, wa Malawi Demographic and Health Survey, amafunsa amayi a zaka 15 mpaka 49, kutanthauza kuti mayi amatuluka m'mabuku a owerengera pa nthawi yeniyeniyo imene kusinthaku kwafika pachimake. Kusadziwa kwanu si mlandu wanu, ndipo pa ntchito yanga ya uzamba ndaonapo aphunzitsi ngakhale anamwino anzanga akudabwa chimodzimodzi zitawafikira iwo eni.

Malinga ndi zimene mwafotokoza, chimene ndikuganizira kwambiri n'chakuti muli m'nyengo yolowera ku kusiya kusamba, imene madokotala amaitcha perimenopause. Mawu akuti yolowera ndawasankha mwadala, chifukwa azakhali anu afulumira kugamula. Mayi amawerengedwa kuti wasiya kusamba pokhapokha atatha miyezi 12 yotsatizana osaona magazi, pamene palibe mimba, kuyamwitsa kapena mankhwala amene angaimitse msambo. Bungwe la zaumoyo padziko lonse la WHO limanena kuti kwa amayi ambiri zimenezi zimachitika pakati pa zaka 45 ndi 55. Zikachitika mayi asanakwanitse zaka 40, pamenepo ndiye zafulumira kwambiri ndipo zimafuna kufufuzidwa. Amayi osuta fodya amasiya msanga ndi chaka chimodzi kapena ziwiri, ndipo amene anachotsedwa timatumba tonse tiwiri ta mazira pa opaleshoni amalowa m'nyengoyi tsiku lomwelo. Kutseketsa kuti musaberekenso sikuimitsa msambo, ngakhale kuti amayi ambiri amene anatseketsa amakuimba mlandu akafika zaka zimenezi.

Chimene chikuchitika m'thupi mwanu chinayamba musanabadwe. Mwana wamkazi amabadwa ali ndi mazira ake onse, pakati pa 1 miliyoni ndi 2 miliyoni, m'timatumba tiwiri tokhala m'mbali mwa chiberekero, ndipo sapanganso ena. Pofika potha msinkhu amakhala atatsala pafupifupi 300,000 kapena 400,000, ndipo mwa amenewa ndi 400 kapena 500 okha amene amakhwima n'kutuluka mwezi ndi mwezi, pamene enawo amangofota okha. Timatumba tomweti ndi timene timapanga mahomoni (timadzi toyenda m'magazi tolamulira ntchito za thupi) awiri, esitirojeni ndi pulojesiteroni, amene amayendetsa msambo. Mazira akamachepa, mahomoniwa satsika mwadongosolo. Amachita ngati koloboyi amene palafini akumuthera: lawi limakwera mwadzidzidzi, kenaka limazirala mpaka mwati lazima, kenaka limabukanso. Mwezi umene dzira latuluka msanga mumasamba kawiri, mwezi umene silinatuluke mumadumpha, ndipo mwezi wotsatira magazi amatha kubwera ambiri chifukwa khungu la m'kati mwa chiberekero linali litakhuthala nthawi yonseyo.

Thukuta la usiku lili ndi chiyambi chomwecho. Mu ubongo muli kachigawo kamene kamayang'anira kutentha kwa thupi, ndipo esitirojeni akamasinthasintha kachigawoka kamasanduka ngati mlonda wamantha amene amaimba wenzulo ngakhale pamene wadutsa ndi mphaka. Thupi likangofunda pang'ono, kamalamula mitsempha ya pakhungu kuti itseguke ndi thukuta kuti lituluke, ndipo mayi amamva moto ukukwera kuchokera pachifuwa kupita kukhosi ndi kumaso, mtima ukugunda, kwa mphindi zochepa, kenaka n'kuyamba kuzizidwa. Poti zimafanana ndi kutentha ndi kuzizidwa kwa malungo, amayi ambiri amathamangira kugula LA kapena panado m'magolosale, n'kumadabwa kuti malungo ake ndi otani osamva mankhwala. Za kutalika kwake sindikunamizani kuti ndi za miyezi yochepa. Kafukufuku wa ku United States wotchedwa SWAN, amene anatsatira amayi oposa 3,000 kwa zaka zambiri, anasonyeza mu 2015 kuti mwa amayi amene ankamva kutenthaku pafupipafupi, theka linakhala nako zaka zoposa 7, ndipo kwa amayi akuda kunkafika pafupifupi zaka 10. Amayi amenewo amadya ndi kukhala mosiyana ndi ife, koma phunziro lake ndi lakuti vutoli ndi lofunika kulikonzekera m'malo mongoliyembekezera kuti litha mawa. Chotonthoza n'chakuti mphamvu yake imacheperachepera, ndipo alipo amayi amene amadutsa osamva kanthu.

Komabe, m'dziko ngati lathu, thukuta la usiku sitilipatsa dzina limodzi tisanayang'ane kwina. Chifuwa chachikulu chimatulutsa thukuta usiku, ndipo nthawi zambiri chimabwera ndi chifuwa chosatha, kuonda ndi kusafuna kudya. Kachilombo ka HIV kosadziwika kapena kosagonjetsedwa bwino ndi mankhwala kamachitanso zomwezo. Chithokomiro, kachiwalo ka pakhosi, chikamagwira ntchito mopitirira muyeso chimabweretsa kutentha, kugunda kwa mtima, kunjenjemera kwa manja ndi kusokonekera kwa msambo, moti chimafanana kwambiri ndi zimene mwalemba. Choncho ulendo umodzi wa kuchipatala ukufunika, woti akuyezeni magazi ngati ndi okwanira, shuga, kuthamanga kwa magazi ndi HIV, akumvetsereni m'chifuwa ndi kukugwirani pakhosi. Kuyeza mahomoni enieniwo, kumene zipatala zina zolipira zimapereka pa mtengo wokwera, sikofunika kwa mayi woposa zaka 45 amene ali ndi zizindikiro zoonekeratu ngati zanu, chifukwa lawi la koloboyi lija likhoza kupezeka lokwera Lolemba n'kupezeka lotsika Lachisanu. Ndalama imeneyo ndi bwino kuisunga.

Choyezera chimene musachinyalanyaze ndi cha mimba, chotsika mtengo chija. Malinga ngati msambo ukubwerabe, ngakhale kamodzi pa miyezi itatu, dzira limatha kutuluka, ndipo ana amene timawatcha achitsiriza ambiri anabadwa kwa amayi amene anali atadziuza kuti zobereka anathana nazo. Mimba ya pa zaka zimenezi imabwera ndi chiopsezo chachikulu cha kuthamanga kwa magazi, shuga ndi kupita padera. Akatswiri a zakulera ku Britain amalangiza kuti mayi amene wasiya kusamba asanakwanitse zaka 50 apitirize kulera kwa zaka ziwiri kuchokera pa msambo wotsiriza, amene wasiya ataposa zaka 50 apitirize kwa chaka chimodzi, ndipo pa zaka 55 aliyense akhoza kusiya. Simunanene njira imene mukugwiritsa ntchito, koma ngati ili jakisoni wa miyezi itatu kapena kapamkono, dziwani kuti njirazi pazokha zimasokoneza kapena kuimitsa msambo, moti kusaona magazi sikungakuuzeni ngati mwasiyadi. Mapiritsi olera a mahomoni awiri sayenera kwa mayi wodwala kuthamanga kwa magazi kapena wosuta fodya pa msinkhu wanu, ndipo jakisoni akagwiritsidwa ntchito nthawi yaitali amafooketsa mafupa pang'ono, choncho ino ndi nthawi yabwino yobwerera ku khomo la kulera kukakambirana ngati lupu kapena njira ina singakuyenereni bwino.

Tsopano ndifike pa magazi, pomwe ndikufuna mumvetsere kwambiri, chifukwa apa ndi pamene kukhala chete kwathu kumapha. Msambo wotalikirana, wofupikirana kapena wochepa ndi wachilendo kwa inu koma si wachilendo kwa thupi la mayi wa zaka 47. Umene si wabwinobwino ndi wotuluka kwambiri moti mukusintha nsalu kapena padi ola lililonse, wokhala ndi zibuluma zazikulu, wopitirira sabata, wokusiyani ndi chizungulire ndi phuma, komanso magazi otuluka mukatha kugonana kapena chikazi chamadzimadzi chonunkha. Zimenezi zikhoza kukhala zotupa za m'chiberekero, zomwe n'zofala kwambiri pakati pa amayi akuda ndipo kawirikawiri zimafota mayi akasiya kusamba, koma zikhozanso kukhala khansa. Malawi ali m'gulu la mayiko amene khansa ya khomo la chiberekero imagwira ndi kupha amayi ambiri padziko lonse, ndipo imakonda zaka zomwezi zimene mayi amati kusokonekera kulikonse n'kukula. Kuyeza kogwiritsa ntchito viniga, kumene kumachitika mwaulere m'zipatala zambiri za boma, kumayang'ana kwambiri amayi a zaka 25 mpaka 49, ndipo kumaona bwino mayi asanasiye kusamba, chifukwa pambuyo pake malo amene khansayi imayambira amabwerera m'kati momwe diso silifika. Inu muli ndi zaka 47, ndiye ngati simunayezetsepo, kapena papita zaka zitatu, musadikire chaka cha mawa.

Ndipo tsiku limene miyezi 12 ija idzakwane, lamulo lidzakhala limodzi losavuta kukumbukira: dontho lililonse la magazi lobwera pambuyo pake ndi la kuchipatala. Ndakumanapo ndi amayi amene anaona magazi patatha zaka zinayi atasiya, ena n'kuseka kuti utsikana wabwerera, ena n'kuchita manyazi kuti gogo wa zidzukulu angakauze bwanji kamnyamata ka kuchipatala nkhani yotere, ndipo anafika kwa ife patapita chaka, fungo litayamba. Nthawi zambiri magazi oterewa amachokera ku khungu lopyapyala la kumaliseche, chinthu chosaopsa ndi chochizika, koma kafukufuku wa m'mayiko osiyanasiyana amasonyeza kuti pafupifupi mayi mmodzi mwa amayi 10 otere amapezeka ndi khansa ya m'kati mwa chiberekero, osawerengera ya pakhomo ija. Zonse ziwiri zimachizika zikapezeka msanga. Chipatala chaching'ono chikalephera kupeza chifukwa, pemphani kalata yopita ku chipatala cha boma cha m'boma lanu, ndipo kumeneko akhoza kukutumizani ku Queen Elizabeth, Kamuzu Central, Zomba kapena Mzuzu kumene kuli madokotala a matenda a amayi.

Za mawu a azakhali anu, ndiwayankhe mwaulemu umene akuyenera, chifukwa anakuuzani zimene nawonso anauzidwa ndi anthu owakonda. Chikhulupiriro chimenechi chimaima pa ganizo lakuti msambo ndi umene umatsuka umuna m'mimba mwa mayi, ndiye ukasiya, umunawo uziunjikana mpaka mimba kutupa. Thupi siligwira ntchito motero. Msambo ndi khungu la m'kati mwa chiberekero limene linakonzedwera mimba, ndipo limayoyoka mimba ikapanda kubwera. Umuna wambiri umatuluka wokha pakangopita nthawi yochepa, ndipo wotsalawo thupi limauphwanya m'masiku ochepa, kaya mayi akusamba kapena ayi. Mayi woyembekezera amatha miyezi 9 osasamba, woyamwitsa amatha ngakhale chaka, wa jakisoni amatha zaka, ndipo palibe amene mimba yake imadzaza umuna. Chimene chimapangitsa kuti mawuwa aoneke ngati oona n'chakuti esitirojeni akachepa, mafuta a m'thupi amasamuka kuchoka m'chiuno ndi m'ntchafu kupita pamimba, ndiye anthu akaona mimba ya mayi ikukula amati taonani. Choopsa chake n'chakuti mimba yotupadi, yolimba kapena yodzaza madzi, imene ingakhale chizindikiro cha chotupa cha m'thumba la mazira kapena matenda a chiwindi, imabisidwa chifukwa mayi akuopa kuti anthu adziwa kuti akugonabe ndi mwamuna wake.

Kuwawa kumene mukumva ndi kwenikweni ndipo kuli ndi chifukwa chake. Esitirojeni ndi amene amasunga khungu la njira ya abambo kuti likhale lokhuthala, lofewa ndi lonyowa, ndipo akachepa limapyapyala n'kuuma, mwina n'kumayabwa, ndipo ena amayamba kukodza pafupipafupi kapena kumva kutentha pokodza. Kusiyana kwake ndi thukuta lija n'kwakuti vutoli silitha lokha ndi zaka, limafuna chisamaliro. Mafuta ofewetsera opangidwa ndi madzi, monga K-Y Jelly, amapezeka m'mafamase ndipo amathandiza ambiri. Vaseline ndi mafuta ophikira amaboola kondomu. Sopo wonunkhira, kutsuka m'kati ndi chala, ndiponso mankhwala azitsamba oumitsa kapena othinitsa amene ena analangizidwa ku chinamwali, zonsezi pa msinkhu uno zimang'amba khungu lomwe lafooka kale. Palinso kirimu kapena timapiritsi ta esitirojeni toika kumaliseche komweko, amene amalowa m'magazi pang'ono kwambiri ndipo amathandiza kwambiri, koma amafuna kulemberedwa ndi dokotala. Muzikumbukiranso kuti kusiya kubereka sikutseka khomo la HIV ndi matenda ena opatsirana pogonana, ndipo khungu lopyapyala limang'ambika msanga. Bambo a kunyumba auzeni zimenezi masana, mutakhala pansi, osati usiku pamene mwawakankha kale, chifukwa mwamuna amene sanauzidwe kanthu amadzipezera yekha tanthauzo, ndipo tanthauzo limene amapeza kawirikawiri ndi lakuti mwamutaya kapena muli ndi wina. Nkhani zambiri zimene zimafika kwa ankhoswe pa zaka zimenezi zikanathera ku famase.

Mnzanu wa kumsika sindimuweruza, popeza chinthu chopanda dzina chimene chimagwira munthu pakati pa usiku, kuchipatala n'kunena kuti sitikuona kanthu, kwathu kuno chimapatsidwa dzina la ufiti. Koma mmene mayi amaonera nyengoyi zimakhudza mmene amaidutsira, ndipo akatswiri a chikhalidwe cha anthu anaziona kalekale. M'zaka za m'ma 1980, Yewoubdar Beyene anakhala pakati pa amayi a mtundu wa Maya ku Yucatan m'dziko la Mexico, ndipo anapeza kuti sankadandaula za kutentha thupi, koma ankalandira kusiya kusamba ngati kumasulidwa ku mimba zotsatizana ndi ku miyambo yoletsa, ngakhale kuti atayezedwa pambuyo pake mahomoni awo anali atasintha ngati a amayi ena onse. Margaret Lock anapeza ku Japan m'zaka zomwezo kuti amayi odandaula za kutentha anali ochepa poyerekeza ndi a ku Canada ndi United States, ndipo dandaulo lofala linali kuuma kwa mapewa. Mu 2010 akatswiri ena a ku London, atasonkhanitsa kafukufuku wosiyanasiyana, anaona kuti amayi amene ankaiona nyengoyi moipa ndi amene kawirikawiri ankanena za mavuto ambiri. Zimenezi zisagwiritsidwe ntchito pouza mayi kuti zimene akumva ndi za m'mutu, chifukwa thukuta lonyowetsa bulangeti silichokera m'maganizo, ndipo chakudya, ntchito ndi chibadwa zili ndi mbali yake. Chimene zikusonyeza n'chakuti moto womwewo umapsereza mosiyana mayi amene akudziwa kuti uzima pakapita mphindi zitatu, ndi mayi amene akuganiza kuti wina akumuwotcha kumanda.

Pa mwambo wathu wa Achewa, ndimaona kuti makolo anapereka ulemu koma sanapereke chidziwitso. Mayi amene ali kumwezi sankathira mchere m'ndiwo, ankaitana mwana kuti amuthirire poopa mdulo, ndipo anthu ogonana ankatchedwa otentha, oyenera kusamala pafupi ndi khanda kapena wodwala. Mayi wosiya kusamba ankamasuka ku zambiri mwa zimenezi, ankawerengedwa pakati pa ozizira, ndipo ndi iye amene ankadaliridwa pa chikuta, pa maliro ndi pa kulanga achinyamata. Kumeneko kunali kukwera paudindo, ndipo mpaka lero amayi ambiri akumudzi amene ndimacheza nawo amanena mosabisa kuti anapuma ku nsalu za mwezi ndi mwezi ndi ku mantha a mimba. Mtengo wa ulemuwo unali wakuti mayi aoneke ngati wathana ndi za m'chipinda, ndipo mayi wa zaka 47 wa lero, amene mwana wake wotsiriza ali ku pulayimale ndipo mwamuna wake akadali ndi mphamvu, sangaulipire. M'tauni zinthu zatembenuka: ulemu wa ukulu wachepa, mantha otchedwa nkhalamba akula, ndipo mayi amabisa thukuta lake mu ofesi poopa kusekedwa. Ine ndimaona kuti magulu a Mvano, Chigwirizano, Umanyano, Dorika ndi amayi a chisilamu, komanso mabanki a m'khonde, amene amasonkhanitsa kale amayi a zaka zimenezi sabata iliyonse, ndiwo angayale mkeka uja mosavuta kuposa chipatala. Tsiku la 18 October, limene dziko lonse limakumbukira nkhani ya kusiya kusamba, likhoza kukhala poyambira poitana namwino wa m'dera lanu.

Kukwiya ndi kuiwala kumene mwatchula kuli ndi miyendo iwiri. Wina ndi mahomoni, amene amakhudza ubongo mwachindunji, ndipo wina ndi tulo, chifukwa munthu wodzutsidwa katatu usiku uliwonse kwa chaka n'kulawirira kukapikula tomato mbandakucha sangakhale woleza mtima. Onjezanipo fizi ya ana, makolo okalamba ndi ana amasiye a achibale, zomwe zimagwera mayi pa zaka zomwezi. Kuiwalaku kwa ambiri kumachepa nyengoyi ikadutsa, ndipo si chiyambi cha kusokonezeka mutu kwa ukalamba. Koma ngati mtima wakhala wolemera kwa masabata awiri kapena kuposa, osasangalala ndi chilichonse, kulira popanda chifukwa, kapena kuganiza kuti kuli bwino kufa, amenewo ndi matenda ovutika maganizo, amene amakonda kugwira amayi m'nyengoyi makamaka amene anadwalapo atabereka, ndipo ali ndi chithandizo kuchipatala.

Mankhwala amphamvu kwambiri othetsa kutentha ndi thukuta ndi obwezera mahomoni m'thupi, amene amadziwika kuti HRT. Mbiri yake inaipa mu July 2002, pamene kafukufuku wa ku America wa Women's Health Initiative, wa amayi oposa 16,000, anaimitsidwa msanga ataona kuti khansa ya m'mawere, sitiroko ndi kuundana kwa magazi zinakwera pang'ono mwa amene ankamwa mankhwalawo, ndipo amayi ambirimbiri padziko lonse anawataya. Pambuyo pake zinaunikidwanso kuti amayi a m'kafukufukuyo anali a zaka 63 pa avereji, ambiri atasiya kusamba kalekale, ndipo lero akatswiri amavomereza kuti kwa mayi wathanzi wosakwana zaka 60, kapena amene sipanapite zaka 10 chisiyireni kusamba, ndipo zizindikiro zikumusowetsa mtendere, ubwino wake nthawi zambiri umaposa chiopsezo. Mayi amene ali ndi chiberekero amapatsidwa mahomoni onse awiri, chifukwa esitirojeni payekha angayambitse khansa ya m'kati mwa chiberekero. Amene anadwalapo khansa ya m'mawere, kuundana kwa magazi, sitiroko kapena matenda a chiwindi, ndi amene akutaya magazi osadziwika chifukwa chake, sapatsidwa. Mankhwalawa sapezeka mosavuta m'zipatala zing'onozing'ono, ndipo ndi nkhani yokambirana ndi dokotala wa matenda a amayi, yemwe alinso ndi mankhwala ena opanda mahomoni amene amachepetsa kutenthaku. Mabotolo otsatsidwa pa WhatsApp ndi Facebook, olonjeza kubwezeretsa msambo kapena kutsuka chiberekero, asiyeni. Mazira amene atha palibe chitsamba chimene chingawabwezere, ndipo mankhwala otulutsa magazi mwa mayi wosiya kusamba amangobisa chizindikiro chija ndakuuzani kuti muzichiopa.

Zing'onozing'ono zimathandizanso: zovala za thonje zovula mosavuta, kugona ndi chitenje pafupi m'malo mwa bulangeti lolemera, madzi akumwa pambali pa bedi, ndi kuona ngati tiyi wotentha, tsabola kapena mowa ndi zimene zimayatsa motowo kwa inuyo. Chofunika kuposa pamenepa ndi zaka zimene zikubwera, chifukwa mayi amene wafika zaka 50 ali ndi thanzi akhoza kukhala ndi zaka zina 20 kapena 30 kutsogolo, ndipo esitirojeni amene ankateteza mafupa ndi mitsempha ya mtima adzakhala atachepa. Mafupa amafooka mofulumira m'zaka zoyambirira mayi atasiya kusamba, ndipo msana wopindika wa agogo kapena chiuno chothyoka pongoterereka pachitsime kawirikawiri zimayambira pamenepo. Kashiamu amene mafupa amafuna ali pamsika pomwe mumakhalapo: usipa, matemba ndi bonya zodyedwa ndi minga yomwe, bonongwe, nkhwani, chisoso, soya, nyemba ndi mkaka. Kuyenda, kulima ndi kusenza zimalimbitsa mafupa, ndipo dzuwa lathu limapereka vitamini D kwaulere. Amayi amene ali pa ma ARV okhala ndi tenofovir adziwe kuti mankhwalawa amachepetsako mphamvu ya mafupa, chomwe si chifukwa chowasiyira ngakhale tsiku limodzi, koma ndi chifukwa chokumbutsira a kuchipatala kuti mwafika m'nyengo imeneyi. Kuthamanga kwa magazi ndi shuga muziyezetsa kamodzi pachaka ngakhale musakumva kanthu, ndipo mchere uja mwamasuka kuuthira, muziuthira pang'ono.

Musanapite kuchipatala, tengani kope la mwana wa sukulu n'kulembamo tsiku limene msambo wayamba, tsiku limene watha, kuchuluka kwake, ndi kangati mwadzuka ndi thukuta, ndipo mupite nalo pamodzi ndi buku lanu la kuchipatala. Mukalowa, musayambe ndi mawu akuti thupi likutentha, chifukwa mudzabayidwanso chala kachinayi. Nenani kuti muli ndi zaka 47, msambo wasintha kwa chaka ndi theka, mukuganiza kuti mukulowera ku kusiya kusamba, ndipo mukufuna kuyezedwa mimba, magazi, shuga, HIV ndi khomo la chiberekero. Mukabwerako, dzerani kwa azakhali aja, muwafunse kuti iwo ndi mayi anu anasiya ali ndi zaka zingati ndipo anamva zotani. Ana aakazi kawirikawiri amasiya pa zaka zoyandikana ndi za amayi awo, ndiye yankho lawo mulilembe m'kope lomwelo.